Bokosi ndi thumba la unga si cipepeso

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, msewu waukulu wa Great East umadzaza ndi anthu athu. Alimi ocokera ku Lundazi, Chadiza, Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba amakwera mabasi opita ku Lusaka, ena kukagulitsa nshawa ndi nyemba pa msika wa Soweto, ena kukagula malata a nyumba, ena kukaona odwala ku UTH. Ambiri amapita ndi kubwerako bwino. Koma tonse tidziwa uthenga uja umene umamveka pa wailesi m'mamawa, wakuti basi yagubuduzika pa mapiri a Manenekela kapena yagundana ndi lole kufupi ndi Kacholola, ndipo mudzi wonse umayamba kuimba mafoni kufunsa amene anakwera.

Malinga ndi ziwerengero za apolisi, anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'dziko lathu mu 2021, ndipo mu 2022 zinali cimodzimodzi. Obvulala ndi oculuka kuposa pamenepo. Acikulire akumbukira tsiku la 7 February 2013, pamene basi ya Post Bus inagundana ndi lole ku Chibombo ndipo anthu oposa 50 anataya miyoyo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Michael Sata, analamula masiku atatu olira. Kulira timadziwa ndithu. Funso limene sitizolowera kufunsa, masiku olira akatha, ndi lakuti adzadyetsa ana otsala ndani, ndipo amene watsala wopunduka adzamulimira ndani.

Pa nchito yanga ya ukatekisiti ndatsogolera mapemphero pa maliro ambiri, ndipo ena mwa iwo anali a ngozi za basi. Zimene ndimaona zimafanana. Tsiku laciwiri la maliro kumabwera galimoto yocokera kwa mwini basi. Muli bokosi, matumba atatu kapena anai a unga, kabichi, kapenta ndi mafuta ophikira. Kumanda, a banja ndi amfumu akatha kulankhula, woimira kampani amapatsidwa mpata, napepesa ndi mau ofatsa, ndipo wolengeza amachula cimodzicimodzi zonse zimene abweretsa. Anthu amati, "Koma ndi anthu abwino, alira nafe." Tikamwazikana, nkhani yathera pomwepo. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi mupeza mwana woyamba wa malemu waleka sukulu, ng'ombe zolimira zagulitsidwa, ndipo mai wamasiye alima kamunda ka kuseri kwa nyumba cabe.

Sitinena kuti thandizo la pamaliro ndi loipa ai. Mwini basi amene abwera kudzalira ndi ofedwa acita bwino kuposa amene azimitsa foni. Koma bokosi ndi unga ndi mwambo wa maliro, monga momwe mnansi aliyense amabwerera ndi kankhuku kapena mtolo wa nkhuni. Cipepeso cimene lamulo lipatsa wobvulala ndi banja la womwalira ndi cinthu cina, ndipo anthu athu ambiri akucitaya cifukwa palibe anawauza kuti ciliko.

Za obvulala ndiye zomvetsa cisoni koposa, pakuti iwo alibe ngakhale mwambo woti anthu asonkhane ndi kuona. Mu mphakati wina wa parishi yathu muli mai amene anathyoka fupa la m'nchafu basi itagwa pocokera ku Lusaka. Anagona m'cipatala miyezi iwiri. Munthu wa kampani anabwera kamodzi, anasiya ndalama zokwanira sopo, shuga ndi ulendo wobwerera kumudzi, ndipo anapempha mai uja kuti adinde cala pa pepala la Cingelezi, ati longosonyeza kuti walandira. Mvula inagwa iye ali pa ndodo. Caka cimeneco sanalime, feteleza wake anagulitsa kuti alipire maulendo a ku cipatala, ndipo mpaka lero sangathe kuwerama ndi khasu nthawi yaitali. Pamene nkhaniyi inafika ku komiti ya Cilungamo ndi Mtendere panali patapita zaka zinai. Tinapita nayo kwa odziwa malamulo ndipo yankho linali lalifupi: mwacedwa. Ndibvomera pano kuti nanenso ndinali kumuyendera mwezi ndi mwezi kukapemphera naye, osamufunsa ngakhale kamodzi za pepala lija. Ndinali kuona ngati nkhani ya ndalama si ya katekisiti. Ndinalakwa, ndipo ndico cifukwa ndilemba izi.

Tsono lamulo likuti ciani? Lamulo la pamsewu la mu 2002, lochedwa Road Traffic Act, lomwenso linakhazikitsa bungwe la RTSA, silola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena amene galimotoyo ingabvulaze kapena kupha. Ndiyo imene amaicha third party. Pa basi yonyamula anthu olipira, inshuwalansi iyenera kukhudzanso okwerawo. Motero mu mtengo wa tikiti imene mumagula pa Intercity kapena pa siteshoni ya ku Chipata muli kale kandalama kolipirira citetezo cimeneci. Mukabvulala n'kukafunsa cipepeso, simupempha cifundo ca munthu. Mufunsa cimene munalipirira musanakhale pa mpando.

Cimene cimasokoneza ambiri ndi cakuti ngozi imodzi imabala milandu iwiri. Woyamba ndi wa boma. Apolisi amagwira dalaiva namuimba mlandu woyendetsa moopsa, kapena wopha munthu cifukwa ca kayendetsedwe koopsa, ndipo khoti lingamulipiritse faindi, kumulanda laisensi kapena kumutsekera m'ndende. Faindi imeneyo imalowa m'thumba la boma. Waciwiri ndi mlandu wanu inu eni, wofuna kuti amene anakuonongerani thupi ndi nchito akubwezereni. Mlandu uwu apolisi sakutsegulirani, boma silikutsegulirani. Mukakhala cete ndiye kuti palibe. Ndamva anthu ambiri akuti, "Nkhani ili ku polisi, tiyembekeza," nayembekezadi zaka, dalaiva n'kulipira faindi, n'kubwerera pa nchito, iwo akali kuyembekeza kalata imene palibe aliyense anaganiza zoilemba.

Ena amati, nanga dalaiva ali ndi ciani coti n'kumulanda, munthu wokhala m'nyumba ya lendi? Ena amati dalaiva nayenso anafera pangozi pomwepo, tidzazenga yani? Apa lamulo la boma ligwirizana ndi nzeru za makolo athu. Ng'ombe zikalowa m'munda wa mnansi n'kudya cimanga, sitigwira kamnyamata kobusa kuti kalipire. Timapita kwa mwini khola. Momwemonso dalaiva akalakwa ali pa nchito imene anamutuma, mlandu umagweranso womulemba nchito. Ndipo mwini basi ali ndi milandu yakeyake: kutulutsa basi ya matayala akutha ndi mabuleki osagwira, kulemba dalaiva wopanda laisensi ya PSV, kapena kumuumiriza kuti afike ku Lusaka ndi kutembenuka osagona cifukwa ca ndalama za tsikulo. Ngati wolakwa ndi wa lole kapena galimoto ina imene inagunda basi, mlandu upita kwa iyeyo, kwa womulemba nchito ndi ku inshuwalansi yao. Magalimoto awiri akakanirana mlandu, wokwera amene anangokhala pa mpando wake asalowe nao mkangano umenewo. Cake ndi kudziwa manambala a magalimoto onse awiri, ndipo khoti ndilo lidzawagawira mlandu.

Tisabise kanthu kamodzi. Lamulo lathu lifuna kuti pakhale wolakwa. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti panali kusasamala, kaya ndi liwiro, kaya kupitirira galimoto ina pa kona, kaya mowa, tulo kapena basi yodwala. N'cifukwa cake zimene okwera anaona ngozi isanacitike ndi za mtengo wapatali. Ngati munamva anthu akukuwa kuti dalaiva acepetse liwiro, musaiwale, ndipo dziwani maina a amene anamva pamodzi nanu.

Inshuwalansi nayo ili ndi malire ake. Pa pepala la mgwirizano pamalembedwa ndalama yomaliza imene kampani ingalipire pa munthu mmodzi ndiponso pa ngozi imodzi, ndipo si cinsinsi kuti eni magalimoto ambiri amagula yotsika mtengo kuti angodutsa pa rodibuloko. Basi ya anthu 60 ikagwa, ndalamayo ikagawidwa imasanduka ya mcere. Koma malire a inshuwalansi si malire a mlandu. Khoti likagamula ndalama yoposa pamenepo, zotsalazo mwini basi ayenera kutulutsa m'thumba mwake. Ici ndico sakuuzani amene amabwera ndi mapepala ku cipatala ndi mau akuti, "Ndalama imene lamulo lilola ndi iyi basi."

Nanga khoti limawerenga ciani pofuna kupeza cipepeso? Limawerenga ndalama zimene mwaononga: mankhwala ogula ku kemisiti, ekiselo, ndodo kapena njinga ya olemala, maulendo opita ndi kubwera ku cipatala. Limawerenga ululu umene mwamva ndi ulema umene watsala m'thupi. Limawerenganso ndalama zimene mukanapeza mukadakhala wamoyo bwino, ndipo apa ndi pamene alimi amadzicepetsa okha. Mlimi amati, ine sindili pa nchito, ndidzaonetsa ciani? Mlimi alibe pepala la malipiro a pamwezi monga mphunzitsi kapena nesi, koma si kuti alibe malipiro. Malisiti a FRA a cimanga cimene munagulitsa zaka zapita, timapepala ta kampani ya thonje kapena ya fodya, buku la kopaletivu, mauthenga a pafoni osonyeza ndalama za soya zimene zinalowa, zonsezi ndi umboni wa zimene manja anu anali kubweretsa panyumba. Munthu amene anali kukolola matumba 80 ndipo tsopano akolola 15 cifukwa ca msana wothyoka wataya malipiro monga wa mu ofesi amene wacotsedwa nchito. Ndalama zimene mwalipira aganyu kuti akulimireni pamene munali cigonere nazonso zilembedwe, tsiku ndi dzina. Pa imfa, khoti limawerenga zoonongedwa pamaliro ndi thandizo limene mkazi, mwamuna, ana ndi makolo okalamba anali kulandira kwa malemu ndipo tsopano alibe.

Zonsezi zimayenda ndi mapepala, ndipo ife anthu akumudzi mapepala sitisunga. Tikiti ya basi timataya tikangokhala pansi, kapena timakulungira fodya. Tikiti ndiyo mboni yoyamba yakuti munali m'basimo. Mabasi aakulu amalemba maina a okwera, tsono perekani dzina lanu lenileni la pa NRC, osati dzina la mwana kapena la pamudzi. Ngozi ikacitika, amene ali ndi mphamvu alembe nambala ya basi ndi dzina la kampani ya inshuwalansi limene lili pa kapepala komata pa galasi la kutsogolo, kapena ajambule ndi foni. Ku polisi kuli mapepala awiri ofunika: fomu imene dokotala amalembapo mabala anu, ndi lipoti la ngozi. Lipoti amalipiritsa, koma funsani lisiti ya boma. Khadi la ku cipatala, kalata yotulukira ndi malisiti onse aikidwe mu pulasitiki imodzi pamodzi ndi makadi a ubatizo, kumene ciswe ndi ana safika. Ndipo wobvulala asaleke kupita ku cipatala pa masiku amene dokotala anamuuza. Ambiri akamva bwino pang'ono amathamangira kwa asing'anga olunzanitsa mafupa, ndipo tsiku la mlandu palibe dokotala amene anganene kukula kwa ulema wao.

Pali cina cobvuta kucinena. Munthu akafa pa ngozi, mabanja ambiri amakana kuti dokotala apime mtembo. Amati wabvutika kale, musamudulenso, tifuna tikaike mawa. Cisoni cimeneco ticimva. Koma pepala lonena cimene capha munthu ndilo limatseka pakamwa aliyense wofuna kudzanena kuti malemu anali wodwala kale. Banja liganize kawiri lisanakane, makamaka ngati munthu wamwalira patapita masiku kucokera tsiku la ngozi.

Tibwerere ku pepala lija la mai wa mu mphakati. Makampani a inshuwalansi ndi eni mabasi ali ndi fomu imene munthu amasaina polandira ndalama, yonena kuti walandira zonse ndipo sadzafunsanso kanthu. Kugwirizana kunja kwa khoti si cinthu coipa. Nthawi zambiri kumafulumira ndipo kumapulumutsa ndalama za maulendo. Coipa ndi kusainitsa munthu ali pa bedi, mankhwala a ululu ali m'mutu, dokotala asananene ngati mwendo udzayendanso. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene simunamve. Pemphani kope, mupite nalo kwa mphunzitsi, kwa bambo mfumu kapena kwa wodziwa malamulo, akuwerengereni m'Cinyanja liu ndi liu. Ngati ndalama ndi yothandizira cabe pa cakudya ndi mankhwala, pepala linene comweco. Wobwera ndi mtima wabwino sakana kuyembekeza masiku awiri. Wokakamiza kuti musaine lero lomwe, apo ai ndalama ibwerera, wadziulula yekha.

Makolo athu anati mlandu suola. Pa bwalo la amfumu ndi zoona: mdzukulu angathe kuzengedwa za mbuzi imene agogo ake anabwereka. Koma ku khoti la boma mlandu wa kubvulala umaola. Lamulo lipatsa zaka zitatu cabe kuti munthu atsegule mlandu wofuna cipepeso pa kubvulala kapena imfa yobwera cifukwa ca kusasamala kwa wina. Zaka zitatu zioneka zambiri, koma caka coyamba cimathera m'cipatala ndi m'maliro, caciwiri cimathera mu "bwerani mwezi wamawa, abwana kulibe," ndipo cacitatu munthu watopa. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa masiku. Alipo ocenjera amene amadziwa bwino zimenezi, nakusekererani ndi kukupatsani mpando ndi tiyi mpaka nthawi itakwana. Ku inshuwalansi nakonso uthenga uyenera kufika msanga, m'kalata, inu n'kusunga kope lodindidwa tsiku limene alandira.

Kopita kulipo. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Board, imene ili ndi ofesi ku Chipata. Kampani ya inshuwalansi ikakana kapena ikangozengereza popanda cifukwa, dandaulo lipite ku Pensions and Insurance Authority, bungwe limene liyang'anira makampani onsewa. Mlandu wa ngozi ya basi malo ake ndi khoti la majisitireti kapena High Court, malinga ndi kukula kwa ndalama, osati Local Court imene tizolowera pa nkhani za maukwati ndi za mwambo. Madalaiva ndi makondakita obvulala pa nchito ali ndi khomo lina, la Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo naonso ambiri salidziwa. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Okwera basi imodzi nthawi zambiri ndi a dera limodzi. Akapatsana manambala a foni ali m'cipatala ndi kuyendera pamodzi, umboni umalimba ndipo mtengo wa maulendo umapepuka.

Tsono tidziyang'anenso tokha, pakuti si zonse zili kwa eni mabasi. Ndife amene timakwera pamwamba pa matumba a cimanga mu Kanta cifukwa mtengo ndi wotsika. Ndife amene timabvomera kukhala anai pa mpando wa atatu, mwana pamiyendo, ndipo wina akadandaula timamuseka kuti agule yake galimoto. Ndife amene timauza dalaiva kuti aponde, depoti itseka. Dziko silinaiwale April 2005, pamene ana a sukulu oposa 40 a Kawambwa Boys anafa lole imene inawanyamula itagubuduzika, koma mpaka lero makwaya athu, magulu a amai ndi opita ku maliro akali kuyenda pa malole. Apa ife a mpingo tisaloze cala wina. Galimoto yolembetsedwa kunyamula katundu ikagwa ndi anthu, kapena galimoto ya munthu wamba yonyamula anthu mozemba popanda nambala yofiira, a inshuwalansi angathe kukana, nanena kuti sizimene anagwirizana ndi mwini wake. Mudzatsala ndi mwini galimoto yekha, amene cuma cake conse ndi galimoto yomwe yaphwanyikayo. Ndiponso khoti likapeza kuti wobvulala anaonjezera yekha tsoka lake, monga kulendewera pa citseko kapena kukana lamba pamene lamba analipo, lingacepetse cipepeso cake. RTSA ili ndi nambala yaulere ya 983 yonenera dalaiva woyendetsa moipa. Ndi angati mwa ife anaiimbapo basi ikali pamsewu?

Cimene cimatseka anthu athu pakamwa koposa zonse si umbuli wa malamulo cabe. Ndi mau awiri amene timauzana pamaliro. Oyamba ndi akuti, "Ndi cifuniro ca Mulungu, nthawi yake inakwana." Cakudza siciimba ng'oma, n'zoona. Koma Mulungu sanagule tayala yakutha, ndipo sanapatse dalaiva botolo la mowa pa Luangwa. Kuika kusasamala kwa munthu pa dzina la Mulungu ndi kumunamizira. Aciwiri ndi akuti, "Ife ndife akhristu, takhululuka, sitingadye ndalama za magazi." Mau awa amamveka oyera, koma kawirikawiri amene amawanena ndi amalume ocokera ku tauni amene mawa akwera basi kubwerera ku nchito yao, osati mai amene atsala ndi ana asanu. Kukhululuka ndi kucotsa cidani mu mtima, ndipo tiyenera kutero. Sikutanthauza kulanda ana amasiye cimene ndi cao. M'buku la Eksodo, mutu 21, lamulo la Mose linafuna kuti wobvulaza mnzake amulipire masiku amene wakhala osagwira nchito ndi kuona kuti wacira. Zakeyo atatembenuka mtima anayamba ndi kubweza. Ana a katekisimu timawaphunzitsa kuti kulapa kwa amene waononga ca mnzake kumayenda pamodzi ndi kukonza cimene waononga. Tsono mwini basi amene ndi mkhristu, ndipo ambiri ndi akhristu okhala mipando ya kutsogolo m'chalichi, sayenera kuyembekeza samani ya khoti kuti acite cimene cikumbumtima cimuuza kale.

Ndalama ikatuluka pamabukanso nkhondo ina m'banja. Pa mlandu wa womwalira pamafunika woyang'anira cuma ca masiye, amene tizolowera kumucha adiminisitireta, wosankhidwa ndi banja ndi kubvomerezedwa ndi khoti. Munthu ameneyu ndi wosunga cabe, si mwini. Taona ena alandira cipepeso ca mbale wao n'kugula njinga yamoto ndi kukwatira mkazi waciwiri, ana a malemu ali ndi zigamba. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 liika ana, mkazi kapena mwamuna wotsala ndi makolo patsogolo, ndipo adiminisitireta wodya za ana angathe kucotsedwa ndi kuzengedwa mlandu. Posankha, banja lisayang'ane amene ali ndi liu lalikulu. Mai wamasiye nayenso angathe kukhala adiminisitireta, yekha kapena pamodzi ndi wina wa kucimuna.

Kwa boma ndi aphungu athu tili ndi pempho. Mu 2016, ngozi zitaculuka, boma linatulutsa lamulo loletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00. Izi zinaonetsa kuti likafuna limacita msanga. Cangu comweco cioneke pa nkhani ya cipepeso. Malire a inshuwalansi ya mabasi ayenera kuyenda pamodzi ndi mitengo ya mankhwala ndi ya unga, ndipo ayenera kukula malinga ndi ciwerengero ca mipando. Wapolisi kapena wa RTSA woima pa rodibuloko aone ngati inshuwalansi ikhudzadi okwera, osati kungoona kuti pagalasi pali kapepala. Maiko ena a kuno kum'mwera anasankha njira ina. South Africa ili ndi Road Accident Fund, ndipo Botswana ndi Namibia ali ndi thumba lao la ngozi za magalimoto, limene mbali yaikulu ya ndalama zake imacokera ku msonkho wa pa mafuta. Thumba la ku South Africa lili ndi mabvuto ake a ngongole ndi kucedwa kulipira, ndipo sitinena kuti tikopere zonse. Koma mlimi wa ku Vubwi wogundidwa ndi galimoto yopanda inshuwalansi, kapena imene yathawa usiku, ayenera kukhala ndi khomo limene angagogode. Aphungu a kuno kum'mawa, amene amayenda msewu womwewu sabata ndi sabata, ayenera kukhala oyamba kuinyamula nkhaniyi.

Cina n'cosafuna ndalama zambiri. M'zipatala zimene zili m'mbali mwa msewu waukulu, monga ku Mpanshya, Nyimba, Minga, Katete ndi Chipata, pakhale cikwangwani ca m'Cinyanja conena zinthu zitatu: mapepala ofunika, kopita, ndi zaka zitatu zija. Mawailesi athu monga Radio Maria ndi Breeze FM aitane a Legal Aid kuti ayankhe mafunso a anthu m'cilankhulo cao, makamaka nyengo ino ya malonda. Amfumu ndi anyakwawa, amene nthawi zambiri amaitanidwa kukhala mboni pamene banja lilandira ndalama kwa mwini basi, akane kuika dzina lao pa pepala limene silinawerengedwe pamaso pa onse.

Ku mphakati kwathu tinasintha kacitidwe. Tikapita kukaona wobvulala pa ngozi timanyamula unga ndi nkhuni monga kale, koma mlembi amanyamulanso kabuku. Tikatha pemphero, funso loyamba ndi lakuti ngozi inacitika pa tsiku liti, laciwiri ndi lakuti tikiti ili kuti, ndipo lacitatu ndi lakuti kodi pali pepala limene mwasaina.